Ana amaloweza bayoloje koma ukatembenuza funso onse zii, nditani?

Uthenga uwu wachokera kwa mphunzitsi wina amene sanakhalitse pantchito, ndangoudula pang'ono:

"Ndimaphunzitsa bayoloje ku sekondale, chino ndi chaka changa chachiwiri. Ana anga manotsi amaloweza bwinobwino, ukafunsa kuti osmosis ndi chani amakutchulira mawu onse osaphonya olo limodzi, koma ukangolitembenuza funsolo pang'ono kalasi yonse zii. Sabata yatha ndinawafunsa kuti bwanji mbewu imafota ukaithira feteleza wambiri pafupi ndi mizu, palibe anakweza mkono, chonsecho osmosis tinamaliza mwezi watha. Genetics nde ndikuchita kuopa kuiyamba. Mu labu muli maikulosikopu awiri okha, ana ndi ambiri. Kodi vuto ndi ine kapena ndi anawa?"

Aphunzitsi, mtima m'malo kaye. Zimenezi zili m'kalasi ya bayoloje iliyonse imene ndinalowamo, kuphatikizapo yanga, ndipo inu mwachita mwayi kuziona chaka chachiwiri chomwechi. Ine zinanditengera zaka ndithu ndikudziona ngati katswiri poti ana ankandibwezera mawu anga ndendende. Amene ananditsegula maso ndi mtsikana wina amene ankakhala nambala wani, analemba equation ya photosynthesis, mmene mbewu zimapangira chakudya chake ndi kuwala kwa dzuwa, pa bolodi osaphonya olo kanambala kamodzi, ine mongocheza ndinaloza mtengo waukulu umene unali panja pa windo n'kumufunsa kuti nanga chithunthu chonsechi chinachokera kuti. Iye osaganizanso kawiri, "m'dothi, madamu." Anzake onse kugwedeza mitu kuvomereza. Carbon dioxide amene anali atangomulemba ndi dzanja lake analibenso naye ntchito.

Chimene chimachitika n'choti mwana safika m'kalasi mutu uli wopanda kanthu. Wakhala akuona mitengo, magazi, ana ofanana ndi makolo awo kuyambira ali wamng'ono, ndipo pa chilichonse ali kale ndi yankho lakelake limene lakhala likumukwanira. Ife tikabwera ndi definition iye salimbana nafe, amangoilandira mwaulemu n'kuiponya m'thumba lina, nde amayenda ndi matumba awiri, lina la mayeso lina la moyo weniweni. Funso lanu la feteleza linagwera m'thumba lachiwirilo, mmene simunalowepo osmosis. Onjezanipo kuti zambiri zimene timaphunzitsa sizioneka ndi maso ndipo mayina ake ndi achilendo, piriyodi imodzi mwana akhoza kukumana ndi mawu atsopano khumi kapena kuposa. Mwana wochenjera zikamuchulukira amathawira kumene angapulumukire, kuloweza. Ine sindimuda nazo.

Nde chimene ndinasintha ndi ndondomeko basi. Chinthu chiziyamba, dzina lake lizibwera pambuyo. Ndipo chinthucho chisanabwere pamafunika funso limene litulutse yankho lakale lija poyera, aliyense alembe zimene akuganiza pakapepala musanawauze chilichonse, chifukwa munthu amene walemba yankho lake amafunitsitsa kudziwa ngati wakhoza. Amene sanalembe amangodikira kuti mumuuze zoti akopere.

Pa photosynthesis ndimayamba ndi nkhani ya Jan Baptist van Helmont, dokotala wobadwira ku Brussels amene anachita zimenezi m'zaka za m'ma 1600. Mkuluyu anaumitsa dothi n'kuliyeza pa sikelo, makilogalamu pafupifupi 90, analithira mumphika waukulu n'kudzalamo kamtengo ka willow kolemera makilogalamu 2 ndi pang'ono. Kwa zaka 5 ankangothirira madzi basi, pamwamba atavindikira kuti fumbi lisalowe. Pouzula mtengowo unali ndi makilogalamu pafupifupi 77, koma dothi lija ataliumitsanso linali litachepa ndi magalamu osakwana 60. Ndikafika apa ndimalemba manambala anayiwo pa bolodi n'kukhala chete. Musathamangire kuwapulumutsa, asiyeni atuluke nazo thukuta. Amapezeka wina wonena kuti sikelo inali yakufa, wina amati dzuwa ndi limene lalowa mumtengomo, ambiri amati madzi, nde ndimawauza kuti van Helmont nayenso anati madzi, sanalakwitse zonse koma chachikulu anachiphonya. Ana amasangalala heve kumva kuti munthu wa m'mabuku analakwitsa mofanana ndi iwo.

Kenako ndimatulutsa khala m'thumba. Pafupifupi theka la kulemera kwa nkhuni youma ndi kaboni, ndipo khala ndi kaboni yemweyo zinazo zitachoka. M'madzi mulibe kaboni, ndi H2O basi, izi ana amazidziwa. Nanga wachokera kuti? Apa m'pamene wina amatembenukira ku equation ija n'kufuula kuti mumpweya. Chimawavuta n'choti mumtima mwawo mpweya si chinthu, ulibe kulemera, nde n'zovuta kukhulupirira kuti chimtengo chokanika anthu khumi kunyamula chinamangidwa ndi mpweya wolowera m'timabowo ta m'masamba, makamaka ukawauza kuti carbon dioxide ndi 0.04 peresenti yokha ya mpweya umene watizungulirawu. Ngati muli ndi sikelo yabwino yezani mpira wophwa, muupope mpaka ulimbe gwa muuyezenso, kusiyana kwake ndi timagalamu tochepa koma timaoneka.

Pomwepa konzanitu nkhani ya feteleza, chifukwa tonse timangoti ndi chakudya cha mbewu ndipo mawu amenewa amasokoneza ana kwambiri. Chakudya mbewu imadzipangira yokha, ndi shuga. M'dothi imatengamo madzi ndi timichere tochepa, monga nitrate wopangira mapuloteni ndi magnesium amene amakhala mu chlorophyll, n'chifukwa chake akasowa masamba amachita chikasu. Timagalamu 60 tija ta van Helmont ndi kumeneku.

Practical ya sitachi, amene ndi shuga uja mbewu ikamusunga m'tsamba, musaidumphe olo zinthu zivute bwanji, siifuna zambiri. Mbewu ya mumphika ikhale mumdima masiku awiri kuti sitachi wakale athe, phimbani mbali ina ya tsamba ndi pepala lakuda kumwamba ndi kunsi, iikeni padzuwa maola angapo. Tsambalo liviikeni m'madzi owira kwa kamphindi, kenako mulowetse mu test tube ya spirit kuti zobiriwira zichoke, mulitsukenso m'madzi ofunda poti limatuluka lili louma ngati pepala, nde mudonthezere ayodini. Pamene panawala dzuwa pamada bii mopita ku buluu kusonyeza kuti pali sitachi, pophimbidwa paja pamangokhala mtundu wa ayodini womwewo. Koma chonde aphunzitsi, moto muzimitse kaye musanatsegule botolo la spirit, test tube ija iziimikidwa m'madzi otentha osati pamoto. Ndinaonapo lawi likuthamanga pa benchi chifukwa cha kuiwala kamphindi kamodzi, mwamwayi palibe anapsa koma miyendo inandinjenjemera tsiku lonse. Ndipo musanadonthezere ayodiniyo, ajambule kaye mmene akuganizira kuti tsamba lioneka.

Respiration ili ndi msampha wake. M'chilankhulo chathu mawu oti kupuma amanyamula zonse, nde mwana akamva respiration amaganiza za chifuwa kukwera ndi kutsika. Muwasiyanitsire msangamsanga: kukoka ndi kutulutsa mpweya ndi ntchito ya mapapo, pamene respiration imachitika mkati mwa selo lililonse lamoyo, shuga kuphwanyidwa kuti mphamvu ituluke. Bodza lina limene pafupifupi kalasi iliyonse imabwera nalo ndi loti mbewu masana zimapanga photosynthesis, respiration zimapanga usiku wokha. Ayi, respiration ndi usana ndi usiku, kungoti masana photosynthesis imathamanga kwambiri nde okosijeni wotuluka amaposa wogwiritsidwa ntchito. Wasayansi wina, Jan Ingenhousz, anaonetsa kale mu 1779 kuti mbali zobiriwira zokha ndi zimene zimakonza mpweya, ndipo zimatero pakakhala kuwala, mumdima mbewu nazonso zimauipitsa ngati ife. Afunseni kuti muzu umene suona dzuwa mphamvu umaitenga kuti. Afunseninso kuti munthu akaonda mafuta aja amapita kuti, mumva zoti thukuta, zoti kuchimbudzi, zoti asanduka mphamvu, koma zoona zake gawo lalikulu limatuluka pamphuno ngati carbon dioxide, lotsalalo ngati madzi. Ndi nkhani ya mtengo ija yomweyo koma chobwerera. Enanso amaganiza kuti timakoka okosijeni yekhayekha n'kutulutsa carbon dioxide yekhayekha, pamene mpweya wolowa uli ndi okosijeni 21 peresenti, wotuluka ukadali ndi pafupifupi 16, carbon dioxide amangofika cha pa 4.

Tsopano osmosis yanu ija, ya mmene madzi amalowera ndi kutulukira m'maselo. Ine ndikanakhala inu ndikanabwerera, piriyodi ziwiri zokha, ndipo sindikanatchula n'komwe mawu oti osmosis poyamba. Yambani ndi diffusion, kadontho ka inki m'kapu ya madzi osagwedeza, kapena kapefyumu pakona ya kalasi aliyense azikweza mkono fungo likamufika. Chofunika amve n'choti tinthu ting'onoting'onoti timangoyendayenda mwachisawawa osaima, palibe kamene kakudziwa kumene kakupita, koma poti mbali ina tilipo tambiri, tochoka kumeneko timachuluka kuposa tobwerera. Ife aphunzitsi timakonda kunena kuti "madzi amafuna kuti mbali zonse zifanane," ndimanenanso ine pakamwa pakaterereka, koma madzi safuna kanthu ndipo mwana akagwira zimenezo adzazilemba pamayeso.

Kenako mbatatesi. Dulani timizere tofanana, masentimita 5 kutalika, tina muike m'madzi wamba tina m'madzi amchere wambiri, gulu lililonse likhale ndi makapu ake awiri ndi rula. Pakatha mphindi 40 kapena ola limodzi atulutse agwire ndi manja awo. Ka m'madzi wamba kamalimba, kamatalikirako pang'ono, ukakapinda kamathyoka kuti thyo, pamene ka mumchere kamafupika, kamafewa n'kumapindika ngati lamba. Funso ndi limodzi: chatuluka kapena chalowa ndi chani? Ambiri ayamba kunena kuti mchere walowa n'kukafewetsa, afunseni kuti nanga chinthu chikalowamo zinthu chimafupika bwanji. Asiyeni akangane mpaka wina anene kuti madzi atuluka. Apo m'pamene mujambule membrane ngati sefa ya timabowo tating'ono kwambiri, madzi amadutsa mosavuta, zosungunuka zija zimavutika. Akamvetsa chithunzi chimenechi apatseni dzina ndi definition ya m'buku, muona kuti mawu aliwonse a mu definition ija tsopano ali ndi pokhala. Mukatero bwezani funso la feteleza lija osasintha olo liwu. Feteleza wambiri akasungunuka pafupi ndi mizu, madzi a m'dothi amakhala ngati kapu yamchere ija, timizu tating'ono timakhala ngati kambatatesi, madzi m'malo molowa amatuluka, mbewu n'kufota dothi lili lonyowa.

Mawu amene amagwetsa ana ambiri apa ndi concentration, chifukwa pa diffusion tinawauza kuti zinthu zimachoka kochuluka kupita kochepa, nde pa osmosis tikuti madzi akupita ku concentrated solution, mwana amaona ngati tadzitsutsa. Muziwakakamiza kumaliza chiganizo nthawi zonse, kuchuluka kwa chani, kwa madzi kapena kwa mchere? Kachidule koti madzi amatsatira mchere kamathandiza kukumbukira mbali, bola adziwe kuti ndi kokumbukirira chabe, sikolemba pamayeso. Amene agwira msanga apatseni ili: bwanji dripi ya kuchipatala si madzi wamba koma imakhala ndi mchere 0.9 peresenti? Selo lofiira la magazi m'madzi wamba limafufuma mpaka kuphulika, la mbewu siliphulika poti lili ndi khoma.

Za maikulosikopu awiriwo, si zabwino koma si imfa. Wasayansi Robert Hooke mu 1665 anaona tizipinda m'kachidutswa ka cork, khungwa la mtengo wina, n'kutitcha ma cell ndi chipangizo chosafika olo pa anu awiriwo. Konzani kalasi m'malo anayi kapena asanu, awiri a maikulosikopu, enawo ojambula, oyankha mafunso, okonza ma slide, magulu azisinthana pakatha mphindi zingapo. Kakhungu kopyapyala ka mkati mwa anyezi ndi kadontho ka ayodini n'zokwanira, ndipo kamera ya foni mukaigunditsa bwino pa eyepiece imajambula chithunzi choti onse aone. Chimene muyang'anitsitse ndi zojambula zawo. Mupeza ana ajambula ma chloroplast mu selo la anyezi chifukwa chithunzi cha m'buku chili nawo, chonsecho mu slide mulibe, anyezi uja amakulira pansi kopanda dzuwa. Ine ndimangofunsa kuti ndilozere pamene wawaona. Muwapatsenso kukula kwake kwa zinthuzi, ikani rula ya pulasitiki yoonekera pansi pa lens aone mmene milimita imodzi imaonekera yaikulu, nde muwauze kuti maselo ofiira a magazi oposa 100 akhoza kundandalikana pa milimita imeneyo. Komanso selo si lafulati ngati mmene timalijambulira pa bolodi, kajumbo kodzaza madzi kolowetsedwa m'kabokosi kamaonetsa membrane ndi khoma bwino kuposa choko. Magazi a ana kapena anu musawagwiritse ntchito m'kalasi, matenda oyenda m'magazi si masewera, pezani slide yokonzakonza.

Mafanizo ndi abwino, selo ngati fakitale, enzyme ngati loko ndi kiyi, mtima ngati pampu, ndimawagwiritsa ntchito onsewa. Koma fanizo lililonse lili ndi pothera, nde mukalipereka funsani ana kuti likunama pati. Zokhudza ziwalo za thupi sinditaya nazo nthawi yambiri pano chifukwa zambiri ndi mfundo imodzi yovala malaya osiyanasiyana: ma villi m'matumbo, ma alveoli m'mapapo, timizu ta ubweya, tsamba lopyapyala lotambalala, zonsezi ndi malo aakulu, khoma lopyapyala, ndi china chonyamula zinthu kuti kusiyana kwa mbali ziwiri kusathe. Mwana akaiona kamodzi mfundoyi, mitu inayi ya silabasi imasanduka umodzi.

Genetics musaiope, imavuta tikayambira pakati, pa Punnett square, ana n'kumadzaza timabokosi ngati masewera osadziwa kuti T ndi t zikuimira chani. Yambirani kumene zinthuzo zimakhala. Mu nucleus muli ma chromosome, munthu ali nawo 46, awiriawiri mapeya 23, pa peya iliyonse imodzi inachokera kwa mayi ina kwa bambo. Chromosome ndi ulusi wautali wa DNA wokulungidwa, wa selo limodzi mutautambasula wonse ungafike mamita pafupifupi 2. Gene ndi kachigawo ka ulusiwo, allele ndi mtundu wa gene yomweyo. Mawu anayi amenewa asasokonekere, muziwabwereza tsiku lililonse mpaka atope nanu. Mayina a prophase, metaphase ndi anzawo adikire kaye, yambani ndi samu: ngati umuna ukanabwera ndi 46 ndipo dzira ndi 46, mwana akanakhala ndi angati? 92. Mdzukulu? 184. Ana okha amanena kuti pakufunika kugawa pakati, basi meiosis ndi imeneyo, 23 ndi 23. Mitosis ndi yokopera ndendende kuti thupi likule ndi kutseka zilonda. Timaulusi ta mitundu iwiri pa desiki, ana azisuntha okha ndi manja, zimaposa kujambula ka 10. Ndipo poti peya iliyonse imagawika payokha, munthu mmodzi akhoza kupanga mitundu ya umuna kapena mazira yoposa 8 miliyoni, n'chifukwa chake ana a bere limodzi safanana ndendende.

Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, anakhala akudzala nsawawa m'munda wa nyumba ya ansembe kuyambira 1856 mpaka 1863, anasindikiza zimene anapeza mu 1866, anthu osazilabadira mpaka 1900 iye atamwalira kale. Chimene ndimakonda kuonetsa ana ndi manambala ake enieni, njere zosalala 5,474 ndi zamakwinya 1,850. Agawe okha, apeza 2.96, osati 3 ndendende. Kenako timasewera ndi mabatani. Ana awiriawiri, matumba awiri, lina mayi lina bambo, lililonse lili ndi mabatani ofiira ndi oyera ochuluka mofanana. Atseke maso atole limodzi uku limodzi uku, ameneyo ndi mwana, pakakhala lofiira olo limodzi mwanayo aoneka wofiira, alembe n'kubweza mabataniwo m'matumba mwake. Ayambe ndi ana anayi okha. Ena apeza 3 ndi 1, ena anayi onse ofiira, ena 2 ndi 2, phokoso limabuka loti zanu n'zabodza madamu. Nde apitirize mpaka ka 40, muphatikize za kalasi yonse pa bolodi, 3 kwa 1 uja amatulukira yekha. Apa m'pamene amamva kuti Punnett square imanena za mwayi osati lonjezo. Makolo awiri onyamula allele ya sickle cell, mimba iliyonse payokha ili ndi mwayi umodzi mwa 4 woti mwana abadwe ndi matendawo, kubadwa kwa woyamba wodwala sikuteteza atatu otsatira, thumba lija silikumbukira zimene munatola poyamba.

Mawu oti dominant ana amawamva ngati wamphamvu kapena wochuluka. Si choncho, amangotanthauza allele imene imaonekera olo ikhale imodzi. Allele ya gulu la magazi O ndi recessive, imaonekera pokhapokha zikakhala ziwiri, koma gulu limeneli ndi limene lili ndi anthu ambiri padziko. Chitsanzo chopinda lilime chija chimene chili m'mabuku ambiri muchisamale, ana amachikonda poti amasekana, koma si cha gene imodzi mwaukhondo ngati mmene amachilembera, pali mapasa ofanana ndendende amene wina amapinda wina osatha.

Pali ngozi ina pa genetics imene mabuku satchula. Ndili wachisodzera pantchito ndinapereka homuweki yoti aliyense akafunse magulu a magazi a makolo ake tidzaone ngati zikugwirizana ndi lake. Mawa lake mnyamata wina anatsalira anzake atatuluka, pepala lili m'manja, maso ali ofiira, zake sizimatuluka. Mwina wina kunyumba anangolakwitsa kukumbukira gulu lake, zimachitika kwambiri, koma ine ndinali nditatsegula chitseko chimene sindikanatha kutseka. Kuyambira tsiku limenelo mabanja a m'mafunso anga ndi opeka basi. Chimodzimodzinso mukamakamba za chialubino kapena sickle cell, mwina m'kalasimo muli mwana amene ndi nkhani yake kapena ya m'bale wake, musamusandutse chitsanzo, ndipo maso a anzake akayamba kutembenukira kwa iye muwabweze ku bolodi msanga. Koma mfundo yoti dzira nthawi zonse limanyamula X, ndipo umuna ndi umene umabweretsa X kapena Y, imeneyo inenani momveka bwino, palibe amasankha ndipo palibe wolakwa.

Evolution ndingoikhudza pang'ono. Cholakwika chachikulu ndi chija chofuna chomwechija, zoti nyama inasintha chifukwa inkafuna kupulumuka. Kusiyana kumakhalapo kale, zoyenerana ndi malo zimapulumuka n'kuswana. Mabakiteriya osamva mankhwala ndi chitsanzo chosavuta, ochepa opirira analipo kale, mankhwala anapha anzawo, iwo n'kudzaza malo. Mwana akabweretsa za chikhulupiriro chake musamunyoze komanso musasandutse piriyodi kukhala mtsutso, muuzeni kuti pano tikuphunzira umboni ndi mmene asayansi amaufotokozera.

Ndikudziwa mukuti nanga silabasi ithe liti. Zoona, njira imeneyi imadya nthawi poyamba ndipo simungaichite pa mutu uliwonse, ine ndimasankha selo, diffusion ndi osmosis, ma enzyme, photosynthesis ndi respiration, ndi genetics, chifukwa zinazo zimatsamira pa zimenezi nde kutsogolo mumathamanga. Kulowezanso musakutaye, mayina a ziwalo ndi ma definition amafunika pamayeso, kungoti kuzibwera pambuyo pa kumvetsa. Mphindi 5 zoyambirira za piriyodi iliyonse, mabuku otseka, mafunso atatu, la dzulo, la sabata yatha, la mwezi watha, ndipo limodzi likhale lotembenuza ngati lanu la feteleza. Musadalire okweza mikono, ndi anthu asanu omwewo tsiku lililonse, onse alembe yankho papepala akweze nthawi imodzi. Aloleni afotokozerane m'chilankhulo chimene amaganizira, kenako alembe m'chilankhulo cha mayeso, mwana amene sangathe kufotokozera mnzake osmosis m'mawu akeake sanaimve. Muziwaphwanyiranso mawu, photo ndi kuwala, synthesis ndi kulumikiza zinthu, chloro ndi kubiriwira, haem ndi magazi, mawu aatali aja amasiya kuopsa. Ndipo aphunzitseni kusiyana kwa describe ndi explain, yankho la explain lopanda "chifukwa" mkati mwake nthawi zambiri ndi theka, mamalikisi ambiri amathera pamenepa.

Safunsa anadya phula, nde pali nthawi zoti musalimbane nazo nokha. Ngati mwayesa zimenezi teremu yathunthu koma palibe kusintha, pemphani mkulu wa dipatimenti kapena mphunzitsi amene mumamukhulupirira adzakhale kumbuyo kwa kalasi piriyodi imodzi, pali zinthu monga kuthamanga polankhula kapena kudziyankha wekha mafunso zimene mwiniwake sudziona. Ngati mutu wina inuyo simukuumva bwino, ndipo tonse tili nawo wotero, ine unali wa impso, khalani pansi ndi mnzanu musanakaime kutsogolo kwa ana, nthawi zina wa kemisitile ndi amene angakuthandizeni kwambiri. Mankhwala a mu labu amene alibe chizindikiro kapena simukuwadziwa musawatsegule, funsani kaye. Mwana mmodzi akamatsalira yekha pamene pakamwa amayankha bwino, onani ngati akuona pa bolodi, ngati akumva, ngati kuwerenga kwenikweniko kukumuvuta, kambiranani ndi makolo akamuyezetse maso kapena makutu. Ndipo mukafika pa mitu ya kubereka ndi matenda, konzekerani kuti wina adzatsalira n'kufunsa funso la "mnzanga wina" limene ndi lake. Za matenda musamuyeze ndi maso kapena kumuuza mankhwala, mutumizeni kwa achipatala. Akakuuzani zoti wina akumuchita nkhanza kapena kumugwiragwira, mvetserani modekha, musamulonjeze kuti zithera pa inu nokha, ndipo tsiku lomwelo mukauze amene amaona zoteteza ana pasukulupo kapena ahedi.

Lolemba likudzali yambani ndi mbatatesi ija. Mudule m'mawa womwewo, zogonetsa zimauma nde zotsatira zake zimasokoneza, ndipo mcherewo musaumire, masupuni awiri odzadza pa kapu imodzi. Funso la feteleza mulisunge mpaka atagwira timizereto ndi manja, kenako mudzandilembere kuti mikono inakwera ingati.